Kodi zipsepse za roketi ya m'kiti ziyenera kulimbitsidwa?

Munthu amene wagula koyamba kiti ya roketi yaing'ono (paketi ya zidutswa zoti munthu alumikize yekha), monga Alpha kapena Big Bertha ya kampani ya Estes ya ku Penrose m'chigawo cha Colorado ku America, amadabwa akatsegula paketi n'kupeza kuti zipsepse zake, timapiko ta kumchira toongola roketi ikamauluka, ndi timatabwa ta balsa, tofewa kwambiri moti chikhadabo chokha chimasiyapo chizindikiro. Maganizo amene amabwera msanga ndi akuti timatabwa totere sitingapirire liwiro la roketi, choncho tiyenera kumatidwa ndi chinthu cholimba kapena kusinthidwa ndi thabwa lina. Yankho langa ndi lakuti ngati mudzaulutsa roketiyo ndi injini zimene zalembedwa pa paketi, mphepo ya m'mwamba si imene idzathyole zipsepsezo. Zimathyoka roketi ikamatera, ndiponso zimamatuka pamene zalumikizana ndi thunthu. Ntchito yanu yaikulu ikhale pamalo awiriwo, ndipo galamu iliyonse imene mwawonjezera kumchira muiwerenge, chifukwa kulemera kwa kumchira ndiko kumasokoneza kauluke ka roketi.

Yambani ndi injini. Pa injini iliyonse pamalembedwa chizindikiro monga C6-5. Chilembo chimasonyeza mphamvu yonse imene injiniyo imatulutsa: A imafika pa ma newton-sekondi 2.5, B pa 5, C pa 10, D pa 20, ndipo chilembo chilichonse chotsatira chimawirikiza kawiri mpaka G imene imafika pa 160. Nambala yoyamba ndi mphamvu yokankha ya pakatikati m'ma newton, ndipo nambala yomaliza ndi masekondi amene amadutsa injini itazima parachuti isanakankhidwe kunja. Kuyambira pa A kufika pa C, ngakhalenso D, zipsepse za balsa zomatidwa bwino zimapirira ulendo wokwera popanda vuto. Mayina monga Big Bertha akhala pamsika kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo anthu ochuluka kwambiri awaulutsa ndi zipsepse zomwezo za m'paketi. Kampani imene inakonza kitiyo inayesa kale kulemera kwake, kukula kwa zipsepse ndi injini zoyenera, ndipo zonsezi zimadalirana. Mukasintha chimodzi, mwakhudzanso zinazo.

Chachiwiri, yang'anani maonekedwe a zipsepse. Imikani roketi patebulo m'maganizo mwanu. Ngati zipsepse zapendekera kumbuyo n'kupitirira mapeto a thunthu, monga zilili pa Big Bertha, ndiye kuti nsonga zake ndizo zidzayambe kugunda pansi nthawi iliyonse, ndipo kulemera konse kwa roketi kudzagwera pa chipsepse chimodzi. Zipsepse zotere zimapindula kwambiri mukazilimbitsa. Ngati zipsepse ndi zazifupi ndipo sizipitirira kumchira, chimene chimayamba kugunda pansi ndi injini yothayo kapena kachitsulo koigwira, ndipo kawirikawiri sipafunika kanthu kena kupatula kumata bwino. Ngati kitiyo ili ndi zipsepse za pulasitiki zoumbidwa pamodzi, monga Alpha III, musavutike nazo konse. Gwiritsani ntchito guluu amene malangizo atchula, n'kupitirira ku ntchito ina.

Chachitatu ndi malo amene mudzaulutsire. Bwalo la udzu wobiriwira limalandira roketi mofewa, pamene nthaka youma ya m'chilimwe, miyala kapena phula zimathyola ngakhale chipsepse chomangidwa bwino. Munthu amene amaulutsira pamalo olimba ali ndi chifukwa chomveka cholimbitsira zipsepse ngakhale injini yake ili yaing'ono.

Kulemera kwa kumchira

Roketi imauluka mowongoka pokhapokha ngati malo amene kulemera kwake kumalingana ali kutsogolo kwa malo amene mphamvu ya mphepo imakankha. Malo oyambawo amalembedwa CG, ndipo mumawapeza poika roketi pa chala mpaka itakhazikika osapendekera kulikonse, injini yatsopano ndi parachuti zili m'kati. Malo achiwiriwo amalembedwa CP, ndipo amadalira maonekedwe a roketi, makamaka kukula kwa zipsepse. Lamulo limene omanga maroketi amatsatira ndi lakuti CG ikhale kutsogolo kwa CP ndi mtunda wosachepera kukula kwa thunthu m'mimba mwake, ndipo ambiri amakonda kuti mtundawo ukhale pakati pa kamodzi ndi kawiri. Masamu owerengera CP anakonzedwa ndi James Barrowman m'zaka za m'ma 1960, ndipo masiku ano pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa OpenRocket, imene anaiyambitsa Sampo Niskanen wa ku Finland, imachita masamuwo mukailowetsera miyezo ya roketi yanu.

Kulimbitsa zipsepse sikusuntha CP ngati simunasinthe kukula kwake, koma kumakokera CG kumbuyo. Tiyerekeze kuti roketi yokonzeka kuuluka ikulemera magalamu 80, ndipo pakati pa zipsepse pali masentimita 15 kumbuyo kwa CG. Mukawonjezera magalamu 6 pa zipsepsezo, CG imabwerera kumbuyo ndi pafupifupi sentimita 1. Pa thunthu la mtundu wa BT-60, limene kukula kwake m'mimba ndi pafupifupi mamilimita 42, kusuntha kumeneku n'kochepa ndipo makiti ambiri amakupirira. Koma mukawonjezera magalamu 20, zimene zimachitika mosavuta munthu akasintha balsa n'kuika pulayiwudi kenako n'kuthira epoxy (guluu wolimba wochita kusakaniza magawo awiri) wambiri, CG imabwerera ndi masentimita 3, ndipo mbali yaikulu ya mtunda wotetezawo yatha. Roketi yotere ikhoza kuchoka pa ndodo youlutsira n'kuyamba kuzungulirazungulira m'malere injini ikuyakabe, zimene ndi zoopsa kwa anthu amene ali pabwalo.

Pali vuto linanso. Mukafuna kubweza CG kutsogolo mumaika dongo la pulasitini m'mphuno ya roketi, ndipo roketi imalemera mbali zonse ziwiri, kumchira ndi kutsogolo komwe. Roketi yolemera imachoka pa ndodo pang'onopang'ono, zipsepse zisanapeze mphepo yokwanira kuiwongola; ambiri amafuna liwiro la mamita 15 pa sekondi kapena kuyandikira pamenepo ikamachoka pa ndodo. Sikwera patali, choncho masekondi odikira a injini amatha kutalika kwambiri, parachuti n'kutuluka roketi itayamba kale kugwa mwaliwiro. Potsiriza imatera molemera pa parachuti yomweyo. Munthu akhoza kulimbitsa zipsepse mpaka kulimbitsako n'kukhala chifukwa chimene zikuthyokera.

Polumikizira chipsepse ndi thunthu

Apa ndi pamene ndimafuna kuti womanga aliyense athere nthawi yake yambiri, ngakhale amene wasankha kusawonjezera kanthu kena kalikonse.

Musanamate, onani kumene mizere ya thabwa yalowera. Aliyense amene anawazapo nkhuni amadziwa kuti chikuni chimang'ambika mosavuta motsatira mizere yake, koma chimakana mukachidula mopingasa. Balsa nayenso ndi wotero. Mizere iyenera kutsatira mphepete ya kutsogolo kwa chipsepse, imene imakumana ndi mphepo. Ikagona mofanana ndi thunthu, chipsepse chidzang'ambika pa kutera koyamba ngakhale mutagwiritsa ntchito guluu wabwino chotani. M'makiti a masiku ano zipsepse zimabwera zodulidwa kale ndi laser ndipo mizere yake imakhala yolondola, koma n'zotheka kulakwitsa mbali yomatira, choncho fananizani chipsepse chilichonse ndi chithunzi cha m'malangizo musanathire guluu.

Thunthu la roketi ndi chubu cha pepala chimene kunja kwake kuli khungu losalala lonyezimira. Guluu salowa bwino pakhungu limeneli. Mukalemba mizere ya poika zipsepse, palanipo pang'ono ndi sandipepa wosalala, wa nambala 220 kapena 320, mpaka kunyezimirako kutachoka, koma osafika poonda chubucho. Ena amaboola timabowo ting'onoting'ono ndi singano motsatira mzerewo kuti guluu alowe n'kugwira m'kati, ndipo njira imeneyi ndi yabwino malinga timabowoto tisakhale tambiri. Mphepete ya chipsepse yokhudza thunthu ikhale yowongoka: ikani sandipepa patebulo losalala n'kukwecha zipsepse zonse pamodzi zitagwiridwa ngati chimodzi, kuti zifanane.

Guluu woyenera pa balsa ndi pepala ndi guluu wa matabwa, wachikasu uja kapena woyera amene akalipentala amagwiritsa ntchito. Akauma bwino amagwira molimba kuposa pepala ndi balsa yemwe, moti chipsepse chikamatuka chimachoka ndi khungu la chubu. N'chifukwa chake epoxy sawonjezera kanthu pa roketi yaing'ono kupatula kulemera. Guluu wotentha wa m'kamfuti musamugwiritse ntchito, chifukwa amafewa akatenthedwa, ndipo kumchira kwa roketi n'kumene kumatentha.

Matani kawiri. Pakani guluu wochepa pamphepete ya chipsepse, chigundanitseni ndi thunthu pamzere wake kuti guluu akhale mbali zonse ziwiri, kenako chichotseni n'kudikira mphindi zingapo mpaka guluuyo atatsala pang'ono kuuma. Guluu woyambayu amalowa m'mabowo a thabwa. Pakaninso wina wochepa kwambiri n'kubwezera chipsepse pamalo pake. Mudzaona kuti chikugwira mwamsanga, ndipo simufunika kuchigwira nthawi yaitali. Yang'anani kuchokera kumchira kuti chaima chilili, osapendekera, ndipo musamate chachiwiri choyambacho chisanalimbe.

Zonse zikauma, ikani mzere wa guluu m'ngodya ya pakati pa chipsepse ndi thunthu, mbali zonse ziwiri, n'kuusalaza ndi nsonga ya chala kuti ngodyayo ikhale yozungulira. Omanga maroketi amautcha fillet. Umagawa mphamvu ya kugunda pamalo okulirapo a chubu, ndipo pa njira zonse zolimbitsira, imeneyi ndi imene imapereka phindu lalikulu pa kulemera kochepa. Guluu wa matabwa amafota akamauma, ndipo wochuluka amasiya timabowo ta mpweya, choncho ndi bwino kupaka wochepa kawiri kapena katatu kusiyana ndi wambiri kamodzi. Gonekani roketi chammbali kuti guluu asayenderere. Kachubu kolowetsa ndodo youlutsira nakonso kaikireni mizere yomweyo.

Kumata pepala pa zipsepse

Ngati zipsepse zanu ndi zazitali, zopitirira kumchira, kapena bwalo lanu ndi lolimba, njira imene ndimalimbikitsa ndi kumata pepala wamba la muofesi mbali zonse ziwiri za chipsepse. Pepala silitamuka, choncho chipsepse chikafuna kupindika, pepala la mbali yakunja limakana, ndipo thabwa silingang'ambikenso mosavuta motsatira mizere yake. Phindu lina ndi lakuti pepala limabisa mizere ya balsa, motero simufunika kupaka mankhwala otseka timabowo ta thabwa kambirimbiri musanapake penti.

Kulemera kwake mukhoza kukuwerengeratu. Pepala wamba limalemera magalamu 80 pa sikweya mita imodzi. Chipsepse cha masikweya sentimita 50 chimafuna masikweya sentimita 100 a pepala pa mbali ziwiri, ndiko kunena kuti magalamu 0.8, ndipo zipsepse zinayi zimatenga magalamu 3.2, kuwonjezerapo guluu. Chipsepse chomwecho, ngati ndi cha balsa wochindikala mamilimita 2.4, chimalemera pafupifupi magalamu 2. Chikanakhala cha pulayiwudi wa birch wochindikala chimodzimodzi, chikanalemera pafupifupi kanayi. Apa mukuona chifukwa chake pepala limaposa kusintha thabwa pa roketi yaing'ono.

Ntchitoyi ichitike zipsepse zisanamatidwe ku thunthu. Ngati mukufuna kuzungulitsa mphepete ya kutsogolo ndi kusongola ya kumbuyo, chitani zimenezo poyamba, n'kupukuta fumbi lonse. Dulani mapepala awiri okulirapo pang'ono kuposa chipsepse. Pakani guluu wa matabwa pambali imodzi ndi kumufalitsa ndi khadi la pulasitiki mpaka atatsala wochepa kwambiri, wongonyowetsa thabwa. Ikani pepala, lisalazeni ndi khadi lomwelo kuchokera pakati kupita m'mphepete kuti mpweya ndi guluu wotsala zituluke, ndipo nthawi yomweyo tembenuzani n'kumata mbali inayo. Kufulumira apa n'kofunika: guluu ali ndi madzi, ndipo balsa akanyowa mbali imodzi yokha amapindika. Chipsepse chopindika chimazungulitsa roketi ikamauluka ndipo n'choipa kuposa chosalimbitsidwa. Ikani chipsepsecho pakati pa mapepala awiri a pulasitiki kuti chisamatirire, chigonekeni pamalo osalala, chitsindireni ndi mabuku olemera, ndipo chikhale pamenepo usiku wonse. M'nyengo ya chinyontho chisiyeni nthawi yotalikirapo.

Chikauma, chotsani pepala lotsala m'mphepete ndi mpeni wakuthwa kapena polikwecha ndi sandipepa, mukukokera kunja kuti pepala lisamatuke. Kenako donthezani supagulu wamadzimadzi m'mphepete ya kutsogolo, ya kunsonga ndi ya kumbuyo. Amalowa m'pepala ndi m'thabwa n'kuumitsa mphepetezo, zimene ndi zomwe zimakhulika roketi ikamatera. Mphepete yomatira ku thunthu musaikepo supagulu ndipo pasakhale pepala, chifukwa guluu wa matabwa amafuna thabwa losatsekeka kuti alowe. Chitani zimenezi pamalo opita mphepo, pakuti fungo la supagulu limaluma m'maso, ndipo musamupukute ndi thonje chifukwa amatentha akakumana nalo. Pali amene amagwiritsa ntchito mapepala omata okha a malebulo m'malo mwa guluu. Njira imeneyo ndi yachangu ndipo sipinditsa thabwa, koma sigwira molimba ngati ya guluu, ndipo m'mphepete mwake mumafunika supagulu kuti musamatuke.

Mukamaliza kumanga ndi kupaka penti, ikani injini yaikulu pa zimene mudzagwiritse ntchito, pezani CG, ndipo yerekezani ndi CP ya mu OpenRocket. Ngati mulibe kompyuta, mangani chingwe pa CG, chigwirizeni ndi tepi, ndipo zungulitsani roketi mozungulira thupi lanu pabwalo. Ikaloza mphuno yake kumene ikupita, ili bwino. Ikamagubuduka, onjezerani pulasitini m'mphuno pang'onopang'ono mpaka itawongoka. Pa maroketi aatali kuyesa kumeneku nthawi zina kumaonetsa vuto pamene palibe, koma roketi imene yapambana mayesowa mukhoza kuikhulupirira. Sikelo yaing'ono ya digito yoyeza magalamu ndi chida chofunika pa ntchito yonseyi. Yezani zipsepse musanazilimbitse ndiponso mutazilimbitsa.

Kumbukiraninso kuti zipsepse zimatetezedwa ndi parachuti. Mphamvu ya kugunda imakula mofulumira kuposa liwiro: roketi yotera ndi liwiro lowirikiza kawiri imagunda ndi mphamvu yowirikiza kanayi. Liwiro lotsikira la mamita 4 kapena 5 pa sekondi ndi loyenera pa roketi ya zipsepse za balsa. Ngati zipsepse zikuthyoka kawirikawiri, musanafunefune guluu wina onani ngati parachuti ikufunyululuka yonse, ngati siinapse chifukwa chochepetsa mapepala osayaka otchingira moto, ndiponso ngati nambala yomaliza ya injini ikugwirizana ndi kulemera kwa roketi yanu. Parachuti yaikulu imatsitsa roketi mofewa koma imatengedwa ndi mphepo kupita kutali, choncho pa tsiku la mphepo ndi bwino kudikira. Malamulo a chitetezo a National Association of Rocketry (NAR), bungwe la ku America limene linayamba mu 1957, amaletsa kuulutsa mphepo ikapitirira makilomita 32 pa ola, ndipo amanenanso kuti mphuno, thunthu ndi zipsepse za roketi yaing'ono zikhale za zinthu zopepuka zosakhala zachitsulo. Choncho kulimbitsa ndi malata kapena aluminiyamu n'kosaloledwa.

Nkhani imasintha mukafuna kuika injini yoposa imene kitiyo inakonzedwera, kapena mukamanga roketi ya injini za F, G ndi kupitirira. Pa liwiro lalikulu chipsepse chimayamba kunjenjemera ndi kupotoka chifukwa cha mphepo, ndipo kunjenjemerako kukafika pa mlingo wina chimaduka m'kanthawi kochepa roketi ili m'mwamba. Vuto limeneli limatchedwa flutter, ndipo limagwira kwambiri zipsepse zopyapyala ndi zazitali kuchoka pa thunthu, makamaka liwiro likamayandikira la phokoso, limene ndi pafupifupi mamita 340 pa sekondi. Masamu amene ambiri amagwiritsa ntchito anachokera mu lipoti la mu 1958 la NACA, bungwe lakale la boma la America lofufuza za ndege, ndipo amasonyeza kuti kuchindikala n'kofunika kwambiri: mukachindikalitsa chipsepse kawiri, liwiro limene chingapirire limakwera pafupifupi katatu. Pa maroketi otere balsa amasiyidwa, ndipo m'malo mwake amaika thabwa lolimbirapo la basswood, pulayiwudi wa birch, kapena mbale za fiberglass (ulusi wa galasi woumbidwa ndi guluu) za mtundu wa G10. Zipsepse zake zimakhala ndi lilime lolowa m'kamng'alu ka pathunthu mpaka kukamatidwa pa chubu cha injini, pakati pa mphete zogwira chubucho, ndipo apa epoxy ndi woyenera, makamaka wouma pang'onopang'ono wa mphindi 30 chifukwa amalowa m'thabwa asanalimbe. Kuyala nsalu ya fiberglass kuchokera pansonga ya chipsepse china kufika pa china ndi ntchito ya maroketi othamanga kwambiri, ndipo pa kiti ya injini ya C n'kungowononga. Injini za H ndi kupitirira zimafuna satifiketi yochokera ku mabungwe monga NAR, Tripoli Rocketry Association, kapena UKRA kwa amene ali ku Britain, ndipo kumeneko mudzapeza anthu oyang'ana roketi yanu isanauluke. Kulikonse kumene muli, fufuzani malamulo a dzikolo okhudza kugula, kusunga ndi kuyatsa injini zimenezi, pakuti zili ndi wonga m'kati.

Roketi ikatera, gwirani chipsepse chilichonse pansonga n'kuchigwedeza mofatsa. Ngati chikusuntha kapena mukuona kamng'alu pa penti m'ngodya, musaiulutsenso tsiku limenelo. Chipsepse chimene chamatuka chonse chimabwerera bwino: palani guluu wakale ndi penti mpaka thabwa ndi pepala la chubu zioneke, matani kawiri monga poyamba, ndipo ikaninso mizere ya m'ngodya. Ngati khungu la chubu lafutukuka, lowetsani supagulu wochepa m'magawo omatukawo kuti agwirane, kenako kwechani pang'ono musanamate. Chimene chang'ambika pakati chilumikizeni ndi guluu wa matabwa chitatsindiridwa pakati pa timatabwa tiwiri towongoka, kenako matani pepala mbali zonse ziwiri pamalo ong'ambikawo, ndipo mukatha yezaninso CG roketi isanabwerere pa ndodo.